Kusintha Batire la Galimoto: Malangizo kwa Achinyamata

Batire la galimoto lili ndi ntchito imodzi yaikulu, yopereka mphamvu yambiri pa kanthawi kochepa kuti sitata ipukuse injini mpaka ilire. Injini ikalira, udindo wopereka magetsi umagwera alternator, yomwe imadyetsa nyali, wayilesi ndi zina zonse kwinaku ikubwezera m'batire mphamvu imene yatulukamo. Magalimoto oyambirira analibe sitata. Woyendetsa ankatsika n'kukapukusa injini ndi chitsulo kutsogolo kwa galimoto, ndipo chitsulocho chikabwerera mwadzidzidzi chinkathyola anthu mikono. Sitata yamagetsi, yomwe anakonza Charles Kettering, inayamba kuikidwa m'magalimoto a Cadillac mu 1912, koma batire limene imadalira ndi lakale kuposa iyo. Analitulukira Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo maziko a kagwiridwe kake ka ntchito sanasinthe mpaka lero. M'kati mwa bokosi lapulasitikilo muli zipinda 6. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi waukali, ndipo chipinda chimodzi chimatulutsa 2.1 volts. Zonse pamodzi zimakwana 12.6 volts, ngakhale kuti anthu amangoti batire la 12 volts.

Batire losamalidwa bwino limatha zaka 3 mpaka 5, ndipo kumadera otentha nthawiyo imafupika. Achinyamata ambiri amaganiza kuti chimene chimapha batire ndi kuzizira, chifukwa galimoto imakonda kukana kulira m'mamawa wa mu June kapena July, makamaka kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzuzu. Kuzizirako kumangoulula matenda amene analowa kale. Chowononga chenicheni ndi kutentha kwa mu October ndi November, kumene kumaumitsa madzi a m'batire n'kufulumizitsa kudyeka kwa mapuleti, moti galimoto yokhala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima imasintha mabatire pafupipafupi kuposa inzake yakumtunda. Msewu wamabampu nawo umagwedeza mapuleti mpaka kuyoyoka, makamaka ngati batire silinamangidwe zolimba. Palinso maulendo afupiafupi, kuliza n'kuzimitsa, kulizanso n'kuzimitsanso, alternator isanapeze mpata wobweza zimene sitata yatapa. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mabatire ambiri amafera pamzere, poti eni ake amachezera kumvera wayilesi ndi kutchaja mafoni injini ili chozima. Batire likakhalitsa lopanda mphamvu, pamapuleti pamamatirira timibulu tolimba timene kutchaja sikuthanso kusungunula, ndipo kuyambira pamenepo silidzadzanso ngati kale.

Kulakwitsa koyamba kwa woyendetsa wachinyamata kumachitika asanagwire n'komwe sipanala. Galimoto ikakana kulira, iye amathamangira kusitolo kukagula batire pomwe vuto lili kwina. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo woyamba kufunsidwa pa nkhaniyi ndi galimoto yomweyo, chifukwa imayankha. Ngati sitata ikupukusa mwaulesi, mokoka, kapena ikungoti tche-tche-tche nyali za padashibodi zikuzilala, batire lafooka kapena mphamvu yake siikudutsa bwino. Ngati yangogogoda kamodzi n'kukhala chete koma nyali zikuwala bwinobwino, wokayikiridwa ndi sitata kapena waya wake. Ngati injini ikupukusidwa mwamphamvu koma osalira, batire lilibe mlandu, ndipo pofufuza ndi kumafuta, kumapulagi kapena kwina. Kanyali kofiira kooneka ngati batire kakayaka galimoto ikuyenda, sikakunena kuti batire lafa ayi, koma kuti silikutchajidwa. Apo vuto limakhala alternator kapena lamba woizungulitsa, ndipo batire latsopano likaikidwa pa galimoto yotere limatha m'masiku ochepa, mwini wake n'kumakalalatira wogulitsa wosalakwa.

Asanaweruze, woyendetsa atsegule boneti n'kuona mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira wounjikana pamitu umatchinga magetsi. Chopanira waya chimene chikutembenuka munthu akachipotoza ndi dzanja n'chokwanira kulepheretsa galimoto kulira, ngakhale batire litakhala latsopano. Waya wonenepa wochoka kumutu wa mayinasi kukamangidwa pathupi la galimoto kapena pa injini nawo umachita dzimbiri pomangirapo. Zonsezi zimakonzeka popanda kugula batire. Chimodzimodzi batire limene latha chifukwa nyali zinagona choyaka: limeneli likufuna kutchajidwa, osati kutayidwa. Koma bokosi likakhala lotupa m'mbali, long'aluka, kapena likamanunkha ngati dzira lovunda, nkhani yatha, ndipo ngati latupa kapena kununkha ndi bwino kuyezanso alternator, chifukwa mwina ndiyo yalipsereza politchaja mopyola muyezo.

Mita yoyezera magetsi imathetsa mikangano yambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa batire. Batire liyezedwe galimoto itazima kwa maola angapo. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.4 latsala ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 latsala ndi theka, ndipo likatsika kuposa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Manambalawa akuoneka oyandikana, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kenako wina alize galimoto mnzake akuyang'ana mita: batire lamoyo silitsika kwambiri kuposa 10 volts pamene sitata ikupukusa, pomwe lotha ntchito limagwa pansi kwambiri ngakhale litangochoka kumene kotchajitsa. Injini ikalira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.5 kapena chapomwepo, kusonyeza kuti alternator ikugwira ntchito. Batire lochita kutchajidwa mokwanira koma n'kupezeka latsikanso m'mawa lili losamangika ku galimoto ndi lakufa. Likamatsika pokhapokha lili pa galimoto, ndiye kuti pali chinachake chikuba magetsi usiku, ndipo nthawi zambiri chimakhala choikidwa pambuyo: zokuzira mawu, alamu, kapena wayilesi yolumikizidwa mwachidule.

Pali kayezedwe kena kamene achinyamata amatengera kwa madalaivala akale, kochotsa waya pamutu wa batire injini ikulira, amvekere ikapanda kuzima ndiye kuti alternator ili bwino. Mchimwene wake wa kayezedweka ndi chizolowezi chobwereka batire kwa mnzako, kulizira galimoto, n'kulichotsa injini ikulira kuti aikepo lake lakufa lija. Pa magalimoto akale opanda kompyuta zimenezi zinkadutsa. Pa galimoto ya masiku ano n'kusewera ndi ndalama, chifukwa batire ndilo limameza kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi ochokera ku alternator. Likachoka, magetsiwo amatha kudumpha mpaka kupsereza kompyuta ya injini, dashibodi kapena alternator yomweyo. Kunena mosabisa, amene anaphunzitsa njirayi sananame pa nthawi yawo, kungoti galimoto zinasintha iwo osasintha nazo. Kukankha nakonso kumathandiza galimoto ya magiya osintha pamanja yokha. Ya otomatiki, imene yachuluka m'misewu muno, siilira ndi kukankha.

Zikatsimikizika kuti batire latha, chotsatira ndi kusankha loyenera. Magalimoto ambiri a ku Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ambiri mwa iwo otsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe ku Karonga, choncho mabatire ake amalembedwa mwa kalembedwe ka ku Japan. Pamwamba pa batire pamakhala zolemba ngati 46B24L. Nambala yoyambayo, 46, imanena mphamvu, ndipo ikakula ndiye kuti batire ndi lamphamvu kwambiri. Chilembo B chimanena kufutukuka ndi msinkhu wa bokosi, 24 ndi kutalika kwake m'masentimita, pomwe chilembo chomaliza, L kapena R, chimanena mbali imene kuli mutu wa pulasi ndi wa mayinasi. Chilembo chomalizachi ndicho chimagwetsa ambiri. Wogula R m'malo mwa L amakazindikira ali kunyumba kuti mawaya sakufika pamitu, kapena choipa kwambiri, akufika pamitu yolakwika. Mabatire a gulu la B, amene amalowa m'timagalimoto ngati Toyota Vitz ndi Passo, nthawi zambiri amakhala ndi mitu yowonda, pomwe a gulu la D ndi a mitu yonenepa, ndiye zopanira za gulu lina sizikwana pa linzake. Ogulitsa ambiri amatchulabe mayina akale monga NS40, NS60 ndi N70, ndipo mabatire ochokera ku South Africa amadziwika ndi manambala atatu monga 628, 646 ndi 652. Wosazolowera asalimbane n'kuloweza zonsezi. Ajambule zolemba za pa batire lakale ndi foni, ayeze bokosi ndi tepi, kapena anyamule batire lakalelo kupita nalo kusitolo. Akumbukirenso kuti mwini wake woyamba akhoza kukhala kuti anaikapo lolakwika, choncho buku la galimoto, ngati lilipo, ndilo lomaliza kunena.

Manambala ena awiri ofunika ndi a Ah, onena kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga, ndi a CCA, onena mphamvu imene lingatulutse nthawi imodzi kukuzizira. Kugula lamanambala okwererapo pang'ono sikuononga kanthu malinga likwane pamalo ake, koma kugula laling'ono pofuna kupulumutsa ndalama kumabweza munthu kusitolo msanga. Injini ya dizilo imafuna batire lalikulu chifukwa ndi yolimba kupukusa, ndiponso mapulagi ake otenthetsa amadya magetsi sitata isanayambe n'komwe. Malole akuluakulu amayendera 24 volts, kutanthauza mabatire awiri olumikizana, ndipo amenewa amasinthidwa onse pamodzi, chifukwa lakale limakokera pansi latsopano.

Magalimoto ena ali ndi zofuna zawozawo. Amene amadzizimitsa okha akaima pamaloboti n'kudzilizanso woyendetsa akachotsa phazi pa buleki amafuna batire lopirira kulizidwa kosalekeza, ndipo a ku Japan amalembedwa M-42, N-55, Q-85 ndi zina zotero. Batire wamba likaikidwa m'galimoto yotere silikhalitsa. Magalimoto oyendera petulo ndi magetsi, monga Toyota Prius ndi Aqua, ali ndi mabatire awiri. Laling'ono la 12 volts ndilo limadzutsa makompyuta, ndipo nthawi zambiri silikhala kuboneti: mu Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, m'ma Prius ambiri lili kubuti. Limeneli munthu akhoza kusintha yekha. Lalikululo, la mphamvu yopitirira 100 volts, limadziwika ndi mawaya a mtundu wa lalanje, ndipo mawaya amenewo si okhudza munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa amapha. Batire lokhala m'kati mwa galimoto limakhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja, kamene sikayenera kuiwalika pobwezera. Magalimoto ena a ku Ulaya, monga BMW ambiri, amafuna kuti kompyuta yake iuzidwe ndi makina kuti mwalowa batire latsopano, apo ayi imapitiriza kulitchaja ngati lakale lija.

Kusitolo, batire loti latsopano likhoza kukhala lokalamba, chifukwa limatsika mphamvu lokha likakhalitsa pashelefu. Wogula afunse tsiku limene linapangidwa, lomwe limadindidwa pabokosi kapena pakapepala komatidwa, ndipo lokhala miyezi yopitirira 6 osatchajidwa ndi loyenera kulikayikira. Apemphe kuti liyezedwe iye akuona, ndipo lisatsike kuposa 12.4. Mabatire otchipa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene amati ndi okonzedwanso, ambiri amakhala akale ongotsukidwa, kuthiridwa asidi wina n'kutchajidwa. Amaliza galimoto pa tsiku logula, koma mapuleti odyeka sabwerera ndi asidi watsopano. Lisiti ndi kapepala ka guarantee zisungidwe m'galimoto momwemo, ndipo wogula aonetsetse kuti tsiku ladindidwapo.

Ntchito yosinthayo siitenga theka la ola, ndipo zida zake n'zochepa: sipanala ya 10, imene imakwana pa magalimoto ambiri a ku Japan, mwina ndi ya 12 kapena 13 ya chitsulo chomangira batire, sandipepa kapena burashi ya waya, soda wophikira, madzi, nsanza ndi girisi pang'ono. Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya podutsa mphepo, handibuleki itakokedwa, injini ndi nyali zonse zitazima. Makiyi achotsedwe n'kuikidwa m'thumba, osati pampando, chifukwa magalimoto ena amadzikhoma zitseko magetsi akangobwerera. Mphete, wotchi yachitsulo ndi unyolo wa m'khosi zivulidwe. Mphamvu ya 12 volts siigwira munthu ngati magetsi a m'nyumba, n'chifukwa chake achinyamata amaiderera, koma batire limatha kutulutsa magetsi ochuluka zedi nthawi imodzi moti mphete yogunda pakati pa sipanala ndi chitsulo imafiira m'kamphindi n'kuotcha chala mpaka mnofu. Fodya, machesi, kandulo ndi koloboyi zisayandikire, poti batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto, makamaka likangochoka kumene kotchajidwa. Wogwira ntchitoyi usiku aunikire ndi tochi. Magalasi oteteza maso ndi magolovesi n'zofunika, zovala zikhale zakutha, chifukwa dontho la asidi silioneka tsiku lomwelo koma limadzasiya chiboo malaya akachapidwa. Asidi akagwera pakhungu atsukidwe ndi madzi ambiri. Akalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenako munthuyo athamangire kuchipatala.

Chinthu china chofunika kuchiganizira waya asanachotsedwe ndi wayilesi. Mawayilesi ambiri a sikirini obwera ndi magalimoto a ku Japan, magetsi akangoduka, amadzuka akufuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi ka mapu kamene kanatsala ku Japan konko, n'kungoonetsa uthenga wa m'Chijapani. Wogula galimoto afufuziretu ngati kakhadiko kalimo. Amakanika ena ali ndi kachida kolumikiza pansi pa chiwongolero kosunga magetsi pang'ono pamene batire likusinthidwa. Wogwiritsa ntchito kachidaka adziwe kuti chopanira cha pulasi chimakhalabe ndi moto ngakhale chitachoka pabatire, ndiye chikulungidwe ndi nsanza youma.

Lamulo lalikulu la ntchito yonseyi ndi la ndondomeko: pochotsa amayamba ndi waya wa mayinasi, pobwezera amamalizira waya wa mayinasi. Wongoloweza lamuloli amadzalisokoneza tsiku lina ali pachangu, koma womvetsa chifukwa chake saliiwala. Waya wa mayinasi umamangidwa kuthupi la galimoto, kutanthauza kuti chitsulo chilichonse cha galimotoyo, injini, boneti, mabawuti ndi chomangira batire, ndi mbali ya mayinasi. Munthu akayamba kumasula pulasi mayinasi akadali womangika, sipanala yake imakhala ndi moto, ndipo ikangoterereka n'kugunda chitsulo chapafupi, mitu iwiri ya batire yalumikizana kudzera m'sipanalayo. Moto umathetheka, sipanala imatha kuwotcherereka pomwepo, ndipo ngati pali mpweya uja batire limaphulika asidi n'kumwazikira kumaso. Koma akayamba ndi mayinasi, sipanala ikagunda thupi la galimoto palibe chochitika, poti zonsezo ndi mbali imodzi. Mayinasi akachoka, thupi la galimoto silikhalanso lolumikizana ndi batire, ndipo pulasi amamasulidwa mwamtendere. Choopsa chotsala ndi chimodzi, chogoneka sipanala pamwamba pa batire n'kukhudza mitu yonse iwiri. Pamwamba pa batire si poika zida.

Choncho ajambule kaye mmene zinthu zakhalira, amasule nati ya chopanira cha mayinasi, chimene chili pamutu wa chizindikiro cha −, achipotoze uku ndi uku n'kuchikweza, kenako achipinde kutali kuti chisabwerere chokha pamutu. Akatero atsegule kachivindikiro kofiira ka pulasi n'kuchita chimodzimodzi. Chopanira chikakakamira, asachimenye ndi hamala kapena mwala monga amachitira ena, chifukwa mutu wa batire ndi wamtovu wofewa ndipo umathyokera m'kati. Amasule nati mokwanira, atanule kukamwa kwa chopaniracho pang'ono ndi sikuludiraiva, chidzatuluka. Pomaliza achotse chitsulo chomangira, asamale timabawuti take tokhota tija timene timakonda kugwera pansi pa injini, n'kunyamula batire ndi manja awiri lili chilili. Kulemera kwake kumayambira pa makilogalamu pafupifupi 10 mpaka kupitirira 20.

Malo otsalawo atsukidwe batire latsopano lisanalowe. Supuni ya soda m'kapu ya madzi ofunda imapha asidi. Akathira pazopanira ndi pathireyi pamachita thovu, ndipo thovulo likaleka atsukuluze ndi madzi n'kupukuta. M'kati mwa zopanira akwechemo ndi sandipepa mpaka muwale. Waya wodyeka, woti tingwe take tambiri taduka kapena tasanduka tobiriwira, asinthidwe. Madzi a sodawo asalowe m'zipinda za batire lililonse.

Poika latsopano, maso akhale pa zizindikiro za + ndi − zodindidwa pabatire penipenipo, osati pa mtundu wa mawaya okha, chifukwa pa galimoto yodutsa m'manja ambiri mumapezeka waya wofiira pomwe panayenera kukhala wakuda. Mutu wa pulasi ndi wonenepa pang'ono kuposa wa mayinasi, ndiye chopanira chikamakana kulowa kapena chikamakhwepa modabwitsa, munthu aime n'kuonanso, asakakamize. Kusemphanitsa mawaya, ngakhale kwa kamphindi, kumaotcha fyuzi yaikulu, ndipo wochita tsoka amaferedwanso alternator ndi kompyuta. Batire likakhala bwino pathireyi, chitsulo chomangira chibwezeredwe choyamba, cholimba moti batire lisagwedezeke polikankha ndi dzanja, koma osachita kufinya mpaka bokosi kupindika. Kumanga batire ndi malegeni kapena chingwe n'kofala m'ma minibasi ndi m'magalimoto ena ambiri, koma mphira imafota ndi kutentha kwa injini, ndipo batire lodumphadumpha pabampu limatha kugunditsa mutu wa pulasi kuboneti, moto n'kubuka. Kenako amange pulasi, abwezere kachivindikiro kake, n'kumalizira mayinasi. Kuthetheka pang'ono pamene mayinasi akukhudza mutu n'kwachibadwa, ndipo alamu kapena hutala ikalira asadzidzimuke. Kukathetheka kwambiri achotse msanga n'kufufuza. Mitu ya batire ndi yosongokera kumwamba, choncho chopanira chikankhidwire pansi penipeni chisanamangidwe. Chikakhala chotanuka moti nati yafika pamapeto koma chikutembenukabe, mankhwala ake ndi kugula china. Kukhomerapo msomali, sikuluwu kapena kachitsulo ka chitini kumaboola mutu, kumachepetsa malo odutsa magetsi n'kuyambitsa kutentha. Girisi kapena Vaseline apakidwe pamwamba zonse zitamangidwa kale, kuti ufa uja usabwerere.

Galimoto ikalira, mita ibwererenso pamitu kuti zitsimikizike kuti batire latsopanoli likutchajidwa. Wotchi ndi masiteshoni a wayilesi zimafuna kukonzanso. Mawindo amagetsi ena amaleka kukwera okha ndi kukhudza kamodzi, ndipo pa magalimoto ambiri amabwerera mwakale munthu akatsitsa windo mpaka pansi, n'kulikweza mpaka pamwamba, n'kugwirabe batani kwa masekondi angapo. Injini ikhoza kunjenjemera kapena kulira mosakhazikika poyamba, chifukwa kompyuta yaiwala zimene inazolowera, koma imakhazikika ikayendako. Pakatha mlungu ndi bwino kugwedezanso zopanira ndi chomangira kuti aone ngati sizinakhwepe.

Batire la zivindikiro limafuna kuonedwa madzi mwezi ndi mwezi, makamaka m'chilimwe. Madzi akhale pakati pa mizere iwiri ya pabokosi, mapuleti asaonekere. Choonjezera ndi madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo, oyeretsedwa mwapadera kuti asakhale ndi mchere. Madzi a pampopi, a pachitsime kapena a pamjigo ali ndi mchere umene umaononga mapuleti, ndipo asidi saonjezeredwa, poti chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mabatire omata, opanda zivindikiro, satsegulidwa. Ambiri ali ndi kadiso koonetsa mtundu wobiriwira batire likakhala bwino, koma kadisoko kamaona chipinda chimodzi chokha mwa 6, ndiye si koti n'kukadalira kotheratu. Galimoto ikamaima milungu yambiri, waya wa mayinasi achotsedwe, kapena iziyendetsedwa ulendo wotalikirapo kamodzi pa mlungu. Kungoiliza mphindi zochepa pakhomo kumatapa zambiri kuposa zimene kumabweza.

Batire lakale silitha ntchito ngati zinyalala zina. M'midzi ndi m'makomboni ambiri limapita kukayatsa nyali, kuonetsa TV kapena kutchaja mafoni, nthawi zina litalumikizidwa ku sola. Batire la galimoto silinapangidwire kukhetsedwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake silikhalitsa pa ntchito yotere, ndipo kulitchajira m'chipinda chogona chotseka mawindo n'kuunjika mpweya wophulika uja pamene pagona ana. Njira yabwino ndi kulisiya kwa wogulitsa latsopano, poti ambiri amachotserako mtengo akalandira lakale, kapena kwa ogula mabatire akutha amene amawatumiza kumafakitale osungunula mtovu n'kupangira ena. Choletsedwa ndi kulikhuthula asidi pansi, kuliswa ndi nkhwangwa kapena kusungunula mtovu wake pambaula. Mtovu ndi poizoni amene amalowa m'thupi kudzera mu utsi ndi fumbi, amakhalitsa m'dothi zaka zambirimbiri, ndipo amaononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono, amene amasewera pansi n'kumaika zala m'kamwa. Ku Thiaroye-sur-Mer, dera la kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wochokera m'mabatire akale amene anthu ankaswa ndi kusefa dothi lake pafupi ndi nyumba zawo. Podikira tsiku lokalipereka, batire lakale likhale chilili, zivindikiro zili zotseka, pamalo ouma osafika mvula, kutali ndi chitsime, khitchini, ziweto ndi ana, ndipo aliyense amene walinyamula asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.